ZA ANA ATHU A KUNJA: Cilolezo Cikamatha, Ndalama Zimaima

Pali dandaulo limodzi limene limamveka kawiri-kawiri m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke. Mwana amene anapita ku Britain ndi kukhazikika kumeneko, yemwe ankatumiza ndalama za feteleza ndi za sukulu mwezi ndi mwezi, waleka mwadzidzidzi. Makolo ayamba kunong'onezana kuti wasanduka mchona, monga aja anapita ku Joni kale osabwererako. Ena amaloza cala mpongozi kapena mkamwini, nati ndiye wamanga thumba. Zoterezi zimacitikadi m'mabanja ena, sitikana. Koma nthawi zambiri cifukwa cace ndi cina, ndipo n'colembedwa m'malamulo a boma la Britain onena za alendo. Sabata ino tifuna kuwafotokoza malamulo amenewa, kuti inu makolo mudziwe cimene mwana wanu akulimbana naco.

Tinene za munthu amene analandira kale ufulu wokhala ku Britain kosatha, kapena amene anakhala nzika ya kumeneko, ndipo anatenga mkazi kapena mwamuna kuno kwathu. Wokwatirayo salowa m'dzikomo n'kukhala basi. Amapatsidwa cilolezo ca zaka ziwiri ndi miyezi 9. Cisanathe, ayenera kupempha kuti amuonjezere zaka zina ziwiri ndi theka, ndipo akakwanitsa zaka 5 m'pamene angapemphe kukhala kosatha. Pa khomo liri lonse mwa makomo atatu amenewa, ofesi yoona za alendo, imene amaicha Home Office, imafunsa funso lomwelo: kodi banja ili limapeza ndalama zingati pa caka?

Lamuloli linayamba pa July 9, pamene mai Theresa May anali nduna ya za m'dziko, m'caka ca 2012. Pa nthawiyo anafuna kuti banja lizipeza mapaundi 18,600 pa caka, kuonjezapo 3,800 ngati pali mwana mmodzi amene si nzika, ndi 2,400 pa mwana ali yense wotsatira. Mabanja ena anakasuma, mlandu nufika ku bwalo lalikulu la dzikolo, limene mu February 2017 linagamula kuti lamulolo likhale, koma kuti ofesiyo iziganiziranso za ubwino wa ana. Mu December 2023 boma la Rishi Sunak linalengeza kuti lidzakweza ciwerengeroco kufika pa 38,700. Anthu atadandaula kwambiri, boma linati lidzakweza pang'ono-pang'ono, ndipo pa April 11, 2024 cinaikidwa pa mapaundi 29,000, popanda zoonjezera za ana. Amene anapempha cilolezo coyamba tsikulo lisanafike anawasiya pa muyeso wakale uja.

Mapaundi 29,000 pa caka ndi pafupi-fupi 2,417 pa mwezi msonkho usanacotsedwe. Tikawasintha kukhala makwaca, mutu umazungulira, ndipo pano ndi pamene ambiri timalakwira. Ku Britain kuli anthu ambiri a nchito zolemekezeka, osamalira okalamba, ogulitsa m'masitolo ndi oyeretsa m'zipatala, amene malipiro ao a nthawi zonse safika pamenepo. Pa pempho loyamba, pamene wokwatirayo akali kuno, amawerenga malipiro a amene ali ku Britain yekha. Pa kuonjezera cilolezo m'pamene amalola kuphatikiza malipiro a onse awiri. N'cifukwa cace mumamva kuti mwana wanu akugwira nchito usiku ndi usana, ndipo foni yace siyankhidwa.

Kupeza ndalamazo n'kwina, kuonetsa umboni wace n'kwinanso. Mau a pakamwa alibe nchito, ngakhale atalumbira ndani. Amene wakhala pa nchito imodzi miyezi 6 kapena kuposerapo ayenera kupereka mapepala a malipiro a miyezi 6, mapepala a ku banki a miyezi yomweyo oonetsa kuti malipirowo analowadi m'bukhu lace, ndi kalata ya womulemba nchito yonena za nchito yace, nthawi imene waigwira ndi malipiro ace. Pepala lomaliza lisapitirire masiku 28 pa tsiku lopereka pempho. Amene wangosintha nchito amamufunsa za miyezi 12. Ndalama za ganyu zolandirira m'manja, zosadutsa ku banki ndi zosakhoma msonkho, kwa iwo ziri ngati kulibe. Ife amene tinazolowera kumanga ndalama pa mfundo ya citenje tingaone ngati n'zacibwana, koma pepala limodzi losowa lingagwetse pempho la banja limene ndalamazo lirinazo ndithu.

Tsono ngati malipiro aperewera, pali njira ya ndalama zosunga, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imafika pa khomo panu. Mapaundi 16,000 oyamba sawerengedwa konse. Pamwamba pa amenewo payenera kukhala ndalama zoperewerazo kuwirikiza kawiri ndi theka. Mwacitsanzo, banja lopeza 27,000 laperewera ndi 2,000. Motero liyenera kukhala ndi 16,000 kuonjezapo 5,000, zonse pamodzi 21,000. Amene alibe malipiro konse ayenera kuonetsa 88,500. Ndalamazi ziyenera kugona m'banki miyezi 6 yathunthu m'dzina la mwini wace kapena la mnzace wa m'banja, ndipo ciwerengero cimene amatenga ndi cocepetsetsa cimene cinaoneka m'miyeziyo. Cotero mwana akatapako pang'ono kuti atumize za cipatala kapena za malata a nyumba, ndipo zotsalazo zitsika pa muyeso, ayenera kuyambanso kuwerenga miyezi 6, pamene tsiku la kutha kwa cilolezo siliyembekeza munthu.

Mphatso yeni-yeni yocokera kwa abale imaloledwa, malinga yakhala m'banki miyezi yonseyo ndipo mwini wace wanena kumene inacokera. Ngongole siloledwa. Tikudziwa kuti pakati pathu kubwerekana ndiko kukhala kwa anthu, ndipo ena amaganiza zosonkherana ndalama kuti zikaonekere m'bukhu la mnzao kenaka n'kuzibweza. Ife tikuti musayese. Pempho likakanidwa kamba ka cinyengo, mbiriyo imamutsata munthu pa mapempho ace a m'tsogolo. Ndalama zogulitsa nyumba kapena malo a mwini wace zingawerengedwe ngati mapepala alipo. Koma ng'ombe ziri m'khola ndi cimanga ciri m'nkhokwe, ngakhale ndico cuma ceni-ceni kwa ife, ofesi ya ku London sizidziwa.

Ngakhale amene malipiro ao akwana amakhala ndi katundu wina. Pempho lokha la kuonjezera cilolezo limalipiridwa mapaundi oposa 1,000. Palinso msonkho wa cipatala umene mlendo amalipiriratu wa zaka zonse za cilolezo cace. Unayamba mu 2015 pa mapaundi 200 pa caka, unakwera kufika 400 mu 2019, 624 mu 2020, ndi 1,035 mu February 2024. Pa zaka ziwiri ndi theka amenewo ndi mapaundi 2,587 ndi theka, olipira nthawi imodzi pa tsiku la pempho. Onjezanipo mayeso a Cingerezi, amene amakulirakulira pa khomo liri lonse. Kunena zoona, ife sitiona cilungamo m'kulipiritsa msonkho wa cipatala munthu amene amakhoma kale msonkho pa malipiro ace. Koma lamulo ndi la eni dziko, ndipo wokhala m'mudzi wa eni samatsutsa nyakwawa.

Amene anapita ndi cilolezo ca nchito, monga anamwino ambiri ocokera kuno, malamulo ao ndi ena, ndipo a nchito za cipatala salipira msonkho umenewu. Cimene ciyenera kudziwika ndi cakuti kuyambira March 11, 2024 olembedwa catsopano nchito yosamalira okalamba analetsedwa kutenga mabanja ao, ndipo mu July 2025 khomo lolembera anthu a nchitoyi kucokera kunja linatsekedwa. Wina akakuuzani lero kuti mugulitse ng'ombe kuti apezere mwana wanu malo otere, mufunse kawiri.

Cowawa koposa ndi nkhani ya maliro. Munthu akapereka pempho lace cilolezo cakale cisanathe, lamulo la 1971 limamuteteza: amapitiriza kukhala ndi kugwira nchito kufikira yankho litabwera. Yankholo kawiri-kawiri limatenga masabata 8, ndipo nthawi zina limacedwa kuposa apo. Koma akaturuka m'dzikomo kubwera kuno yankho lisanafike, pempho lace limatengedwa ngati walicotsa yekha. Ngati cilolezo cakale cinatha kale, alibe cobwerera naco, ndipo nchito, nyumba ndi ana atsala tsidya lija. Taganizani mwana amene walandira uthenga wakuti atate ace amwalira, ndalama ya ndege ali nayo, pasipoti iri m'manja, koma sangathe kunyamuka. Kumudzi anthu adzati wanyoza maliro a atate ace, ndipo mau amenewo sadzaiwalika msanga. Akulu a banja amene amva zimenezi angacite bwino kufunsa mwana wao tsiku limene cilolezo cace kapena ca mnzace cikutha, nalilemba penapace, kuti za ciliza kapena ukwati zikonzedwe poganizira tsikulo.

Za muyeso wa 38,700 uja, boma limene linalowa mu July 2024 linaimitsa kukweza, nilipempha bungwe la alangizi ace pa za alendo, Migration Advisory Committee, kuti liunikenso nkhaniyi. Mu June 2025 bungwelo linapereka lipoti lace, ndipo linalangiza kuti muyesowo usakwezedwe kufika pamenepo.