Nyalugwe Wa Kwathu Sadzabwera Pa Ndege

Anzanga, mundikhululukire ngati ndiononga chisangalalo. Mu 2017 akakwiyo anai atafika ku Liwonde kuchokera ku South Africa, nyamazi zitasowa muno zaka ngati 20, ambiri tinaomba m'manja. Zinali chomwechonso pamene bungwe la African Parks linabwezera anyalugwe ku Majete mu 2011, ndi mikango mu 2012. Ntchitoyi siindinyansa ai. Chondinyansa ine ndi ife ophunzira, amene timayamikira chilombo chobwera pa ndege, koma chathu chomwe tikuchiotcha pa mbaula.

Ine kwathu ndi ku Senga Bay. Agogo anga aamuna amati kale mbuzi zinkalowa m'khola dzuwa lisanalowe, poopa nyalugwe wa m'phiri la Senga. Ine ndakula osamumvapo ngakhale kulira kwake. Agogowo salira naye, ndipo sindiwadzudzula: anawadyera mbuzi. Koma funsani chimene chinamchotsa. Mkondo unapha mmodzimmodzi. Nkhwangwa ndiyo inatha onse.

Nyalugwe safuna zambiri: thengo lobisalamo ndi gwape kapena mbawala yoti agwire. Thengolo ife a kunyanja timawambira kampango ndi mlamba. Lotsalalo likupita m'matumba. Yendani msewu wochoka ku Salima kupita ku Lilongwe, muwerenge njinga za makala. Gwapeyo nayenso amathera mu msampha wa waya, ndipo waya sasankha mwendo. Nyalugwe wanjala akatsikira kukhola, timati ndi wolusa, n'kumuthirira chiphe pa nyama.

Pa Salima pomwepa pali nkhalango ya Thuma, imene a Wildlife Action Group akhala akulondera ndi kutcholamo misampha. Kodi ndi angati mwa ife anapondamo? Sitikuidziwa, koma nsima ya m'tauni, imene timadya pa tchuthi kwa amalume, yapsa ndi mitengo ya kumapiri komweko.

Ena mudzati lamulo lilipo, pakuti kuyambira 2017 wopha nyama yotetezedwa angathe kukhala m'ndende zaka mpaka 30. Inde, ndipo wogwidwa amakhala wa nkhwangwa, wosauka uja. Wogula thumba, wa tayi ndi digiri, amapita kwao kukaphika.

Aphunzitsi athu, mutitengereko ku Thuma chaka chino, tisanalembenso ndakatulo zina zotamanda Liwonde. Liwonde ali ndi mpanda ndi ndalama za kunja. Nyalugwe wa ku Salima akatha, ndege imene idzabwere naye wina idzamtula pa chitsa.