Amakaniko Olota ndi Masipeya Onyenga



Galimoto zimene zimafika kwathu kuno ndi nkhalamba zokhazokha. Zambiri zinayamba zatumikira eni ache ku Japan zaka zambirimbiri, kenaka zinatsika pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban, zinazunguliranso m'misewu ya m'tauni, ndipo zitatopa ndi pamene zinatipeza ife akumudzi. Koma nkhalamba zomwezi ndizo zimatinyamulira chimanga ndi mtedza kupita kumsika, ndizo zimathamanga ndi mai wapakati kupita kuchipatala usiku, ndizonso zimatibweretsera maliro a abale athu omwalira kutali. Pikapu imodzi ikagona pansi pa mtengo wa mango sabata zitatu, mudzi wonse umamva kuwawa. Chifukwa chache ndaona kuti nkhani ya injini ndi masipeya iyenera kulowa m'kalata yathu ino, ndipo aimve ngakhale amene alibe ndi njinga yomwe, pakuti ndarama imene mwini galimoto wataya ku galaja amadzaitolera kwa inu pa mtengo wa matola.

Pali anthu awiri amene ndikufuna kuwaimba mlandu. Woyamba ndi makaniko amene sapima nthenda ya injini koma amangolota. Wachiwiri ndi wamalonda amene amagulitsa sipeya yonyenga m'bokosi lokongola, ndipo ikalephera kugwira nchito amakana kuilandiranso. Awiriwa amadyera mbale imodzi ngakhale pamene sadziwana.

Makaniko wolota nonse mumamudziwa. Mukamufotokozera kuti galimoto ikutsokomola pa chitunda, iye asanatsegule ndi boneti yomwe wayamba kale kunena kuti, "Imeneyo ndi koyilo, bwana, kagulenitu." Mwagula koyilo, bvuto lilipobe. "Ndiye kuti ndi mapulagi." Mwagula mapulagi, galimoto ikutsokomolabe. "Apa tsono kabuleta ndiyo yatha." Potero mumapezeka kuti mukugula injini yatsopano chidutswachidutswa, mbuzi zikutha m'khola, nthenda ili pomwepo. Kodi ndani wa inu angabwererenso kwa dotolo amene, asanakugwireni ndi pamphumi pomwe, alamula kuti akuzuleni dzino, ndipo malungo akapitirira akuti tizulenso lina? Kusukulu, mwana akalemba yankho la masamu mongoganizira, osaonetsa njira imene wadzera, ine sindimpatsa malikisi onse ngakhale yankho litapezeka lolondola, pakuti mawa adzalakwa ndipo sadzadziwa pamene walakwira. Nanga munthu wamkulu wolandira ndarama timulekerere bwanji kuchita chimene timakaniza mwana wa sitandade 4?

Chopweteka mtima nchakuti kupima injini sikufuna ufiti kapena makina odula. Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mafuta osakanizika bwino ndi mpweya, moto wa pa pulagi wofika pa nthawi yache, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza zonsezo m'silinda. Chimodzi chikasowa injini imadwala, ndipo nchito ya makaniko ndi kupeza chasowacho asanatume munthu kusitolo. Ayambire pa batire. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima, ndipo injini ikulira iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.5, kachipangizo kopimira zimenezi kamakwana m'thumba la malaya. Mitu ya batire yochita dzimbiri loyera, ndi waya womasuka wochokera ku batire kupita ku chitsulo cha galimoto, zagulitsa masitata ambiri amene analibe mlandu.

Injini ikamanjenjemera, makaniko weniweni amazula mawaya a mapulagi mmodzimmodzi ndi pulayala yokutidwa bwino, injini ikulira. Waya amene akazulidwa kulira kwa injini sikusintha, silinda yache ndiyo yagona. Pamenepo watsala ndi silinda imodzi yofufuza m'malo mwa zinayi. Amatulutsa pulagi ya silindayo naiyang'ana nkhope: yofiirira ngati dothi louma ili bwino, yakuda ndi mwaye ikunena kuti mafuta achuluka, kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi pfumbi la misewu yathuyi, yonyowa ndi oyilo ikuloza maringi otha kapena oyilo wodontha kuchokera ku mavavu. Utsi wa kumbuyo nawonso uli ndi mau ache. Wakuda ndi mafuta ochuluka, wabuluu ndi oyilo amene akupsa, ndipo woyera wosaleka ngakhale injini itatentha, madzi a mu ladiyeta akuchepa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri ndi gasiketi imene yapsa. Asanamasule injini yonse, apime mphamvu ya silinda iliyonse ndi geji yache. Masilinda ayenera kufanana, kusiyana kwao kusapitirire gawo limodzi mwa magawo 10. Imodzi ikatsika, athiremo supuni ya oyilo pa bowo la pulagi napimenso: mphamvu ikakwera bvuto ndi maringi, ikapanda kukwera ayang'ane vavu kapena gasiketi. Ziwiri zoyandikana zikatsika pamodzi, gasiketi yabooka pakati pao. Zonsezi sizitha tsiku ai, zimangofuna munthu wodziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Pikapu ya mmodzi wa mamembala athu, imene ambiri a inu munakwerapo, inali ndi nthenda yodabwitsa chaka chatha. Inkayenda bwinobwino makilomita angapo, kenaka nkuzima. Mukaisiya kanthawi, inkaliranso ngati palibe chachitika. Anaigulira koyilo, anaigulira pampu ya mafuta, anaigulira kabuleta. Potsiriza anapita nayo kwa makaniko wina wachikulire, amene sanamasule kanthu, koma anakwera nao mpaka pamene inazima, natsika msanga kukatsegula chibvundikiro cha thanki, khutu lili pafupi. Anamva mpweya ukulowa ndi mkokomo. Kabowo kolowetsa mpweya pa chibvundikirocho kanatsekeka ndi matope, ndipo mafuta akamachoka m'thanki popanda mpweya wolowa m'malo mwache, pampu imalephera kukoka. Singano imodzi inachiza galimoto. Ndarama za masipeya atatu aja sizinabwerere kufikira lero.

Mafuta enieniwo tisawaiwale. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsala za nzimbe, petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Ethanol amakoka madzi, ndiponso amaononga mapaipi a labala a galimoto zakale amene sanapangidwire mafuta otere. Onjezerani pamenepo petulo wa m'zigubu amene timagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, amene palibe adziwa zimene wathiridwamo. Musanalole kuti kabuleta imasulidwe, thirani petulo pang'ono m'botolo loyera mulikhazike pansi. Ngati muli madzi, mudzawaona atakhala okha pansi pa botolo.

Tsopano kwabwera olota a mtundu watsopano, oyenda ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimoto zatsopanoko. Kamakinako nkabwino ndithu, koma kamangonena dera limene bvuto lamveka. Kakatchula sensa, iwo amati sensa yafa, kaguleni ina. Komatu waya wa sensayo wodyedwa ndi makoswe, galimoto itagona pafupi ndi nkhokwe, amapereka uthenga womwewo. Munthu akhoza kulota ali ndi kompyuta m'manja.

Ndifike tsono kwa wachiwiri uja. Ambiri timakhulupirira kuti chinthu chatsopano sichingakhale chakufa, ndipo chikhulupiriro chimenechi ndicho chimadyetsa onyenga. Taonani kondensa, kachitsulo kakang'ono ngati chala kokhala pafupi ndi mapointi m'galimoto zakale. Kondensa yatsopano koma yoipa imalola injini kulira bwino m'mawa, ikatentha nkuyamba kudumphadumpha, ndipo mapointi amapsa m'masiku owerengeka. Makaniko wolota akafika pamenepa amati, "Kondensa ndi yatsopano, singakhale imeneyo," napitirira kukugulitsani zina zonse zimene zili zabwinobwino. Apa ndi pamene awiri aja amakumanirana m'mbale. Lamulo lache nlapafupi: bvuto likayamba kapena likakula sipeya itangoikidwa kumene, yoyamba kuikayikira ndi sipeya yomweyo. Chifukwa chache musalole kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi, pakuti simudzadziwa chimene chachiza kapena chimene chaononga. Ndipo sipeya yakale musaisiye ku galaja. Ndi yanu, munaigula ndi galimoto. Itengeni, kuti yatsopano ikakukayikitsani mubwezeretse yakaleyo muone ngati nthenda isintha.

Pali mapulagi olembedwa NGK kapena Denso amene makampani amenewo sanawapange konse, ndipo kampani ya NGK yakhala ikuchenjeza ogula za mapulagi obera dzina lache. Bokosi lache nlokongola, chitsulo chache nchonyezimira, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsonga ya pulagi yotere imatha msanga kapena kusungunuka, ndipo kachidutswa kakagwera m'silinda, pisitoni ndiyo imalipira. Sefa ya oyilo yonyenga mukaidula pakati mumapeza kapepala kochepa, nthawi zina kong'ambika kale, kotero kuti zinyalala zonse zimazungulira m'injini mwaufulu. Choopsa koposa ndi lamba amene amayendetsa mavavu. Akaduka galimoto ikuthamanga, pa injini zambiri mapisitoni amamenya mavavu nkuwapinda, ndipo munthu amene anapulumutsa ndarama pang'ono pa lamba amapezeka akufuna injini ina. Pogula, tengani sipeya yakale muiike pambali pa yatsopano. Yerekezani kulemera kwache m'manja, yang'anani zilembo ngati zili zopotoka kapena zofufutika ndi chala, onani ngati mabowo akugwirizana. Zina mukhoza kuziyesa kunyumba. Thermostat, imene imatsegulira madzi njira injini ikatentha, iikeni mumphika wa madzi pa mbaula: iyenera kutseguka madzi asanawire, pakuti zambiri zimalembedwa 82 kapena 88, kutanthauza madigiri amene zimatsegukira. Imene yakhala chitsekere madzi akubwadamuka, musaiike pa galimoto ngakhale bokosi lache litakhala lagolide.

Mukabwerera nayo kusitolo, mwini wache amakulozerani chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Abale, chikwangwani si lamulo ai. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, kuyambira 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likunena poyera kuti wamalonda sangadzichotsere mlandu pa katundu woonongeka pongopachika mau pakhoma. Liliponso bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyang'anira ubwino wa katundu. Koma maofesi a mabungwewa ali m'mizinda, ndipo sadzamva za sitolo ya pa msika wathu ngati ife tingodandaulira pa bawo ndi pa maliro. Chimene amafuna ndi umboni, ndipo umboni woyamba ndi lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, ndi dzina la sipeyayo. Wamalonda amene akana kulemba lisiti wakuuzani kale zimene akudziwa za katundu wache. Wina amanena kuti makaniko wanu ndiye waiononga poika. Nchifukwa chache nkofunika kupangana musanalipire, pamaso pa mboni, kuti ikakana mudzaibweza.

Ndikudziwa chimene ena anena: mlembi akuyankhula ngati munthu wa malipiro a pamwezi, ife osauka timagula chimene thumba lalola. Zoona, sipeya yeniyeni njodula. Koma wosauka ndiye amene sangakwanitse kugula chinthu chimodzi katatu. Ngati yeniyeni yatsopano yakukanikani, sipeya yeniyeni yakale yochotsa pa galimoto yakufa, monga sitata, koyilo kapena kabuleta, kawirikawiri imaposa yatsopano yonyenga, malinga muiyese musanalipire. Koma lamba, sefa, gasiketi ndi mapulagi musagule zakale, zimenezo zimatha ndi nchito.

Sindikunyoza amakaniko onse ai. Tili nao m'dera lino anthu aluso amene amamva nthenda ya injini ndi khutu monga mai amamvera kulira kwa mwana wache, ndipo ambiri a iwo ndi osauka kuposa olota aja. Chifukwa chache nchodziwika. Makaniko akatha maola awiri akufufuza, napeza kuti bvuto linali waya womasuka, eni galimoto ena amati, "Wangomanga waya basi, ndikulipire chiani?" Koma wolota akasintha zitsulo zitatu amamulipira mokondwa, poti aona zinthu zonyezimira, ndipo olota ena amakalandiranso kangachepe kusitolo kumene anakutumani. Malipiro otere amaphunzitsa anyamata a pa galaja kuti kufufuza kulibe phindu. Mulipireni munthu chifukwa cha kupeza nthenda, ndipo musanatulutse ndarama ya sipeya mufunseni funso limodzi: mwadziwa bwanji kuti ndi imeneyi? Wodziwa nchito adzakuonetsani pulagi, kapena geji, kapena botolo la mafuta. Wolota adzakwiya.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha aliyense amene ali ndi sipeya imene inafa isanathe mwezi abwere nayo, pamodzi ndi bokosi lache ndi lisiti ngati lilipo. Eni matola ndi eni zigayo abwerenso, pakuti injini za zigayo nazo zikudwala nthenda yomweyi. Tidzalemba zonse m'buku la nthambi, chinthu, sitolo ndi tsiku, ndipo a Wapampando akabvomereza ndidzalemba kalata imodzi m'dzina la tonse kupita ku mabungwe ndatchula aja.

Ine wanu,
Mlembi wa Nthambi