Israeli wa m'Baibulo si boma la Netanyahu

Kuno ku Tlaseng, pafupi ndi migodi ya Rustenburg, Amalawi anzanga ena amati ukadzudzula mabomba ogwa ku Gaza ndiye kuti wanyoza Mulungu. Ine ndikukana. Dzina n'limodzi, koma Israeli wa m'Baibulo si boma la Netanyahu.

Chikhulupiriro chimenechi chikupindulira andale. Mu Novembala 2023, nkhondo ili mkati, boma la Chakwera linatumiza achinyamata 221 kukalima ku Israel, m'malo mwa antchito a ku Thailand omwe anathawa anzawo ataphedwa ndi Hamas. Ife adzukulu a anthu a Wenela, malonda amenewa tikuwadziwa: boma limawerengera ndalama zakunja, amene amagona kufupi ndi mizinga ndi mwana wa mlimi. Abusa, vesi lake ndi liti?