Kuyenda m'chisanu pa msewu wakale wa Nakasendo: phindu lake n'la yani?

M'mwezi wa Januwale, m'nyumba ina yakale m'mudzi wa Tsumago ku Japan mumaoneka chinthu chimene alendo a m'nyengo yotentha sachiona. Dzuwa la nyengo yozizira limayenda motsika, choncho kuwala kwake kumalowera pazenera la timitengo lomwe lili pamwamba pa khoma, n'kudutsa mu utsi wa nkhuni zoyaka pakati pa chipinda. Kuwalako kumajambula mizere yoyera mu utsiwo, yotsetsereka mpaka pansi. Nyumbayo ndi Okuya, yomangidwa mu 1877, yomwe lero imasunga zinthu zakale. Zooneka ngati zimenezi ndizo zimakoka anthu olipira ndalama zambiri kuti ayende wapansi m'mapiri a Kiso pamene chipale chofewa chili mbuu, motsogozedwa ndi wodziwa njira, n'kumagona m'nyumba za alendo zachikale. Funso n'lakuti maulendo oterewa amasunga midzi yakaleyi kapena amaigulitsa pang'onopang'ono.

Nakasendo ndi umodzi mwa misewu ikuluikulu isanu ya m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868. Unkalumikiza Edo, womwe lero ndi Tokyo, ndi Kyoto, mtunda wa makilomita oposa 530 kudzera m'mapiri, ndipo unali ndi midzi yopumirapo 69. Mwa midziyi, 11 ili m'chigwa cha Kiso, kuphatikizapo Tsumago. Midziyi inkadyera apaulendo. Kuyambira 1635, lamulo linkakakamiza mafumu a m'zigawo kuti azikhala chaka ku Edo, chaka kwawo, ndipo ankayenda ndi chinamtindi cha asilikali ndi onyamula katundu. Akuluakulu ankagona m'nyumba zotchedwa honjin, anthu wamba m'nyumba zotchedwa hatago. Mu 1861 mwana wamkazi wa m'banja lachifumu, Kazunomiya, anadutsa msewu womwewu popita kukakwatiwa ku Edo. Tinganene kuti kulandira mlendo, kumudyetsa ndi kumugoneka ndiyo ntchito imene inamanga midziyi.

Njanji itafika m'chigwacho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, inalambalala Tsumago, ndipo mudziwo unayamba kufota. Achinyamata anapita kumizinda, madenga anayamba kudontha. Mu 1968 ntchito yokonzanso nyumba zakale inayambika, ndipo mu 1971 eni mudzi anagwirizana mfundo zitatu: osagulitsa, osabwereketsa, osagumula. Mu 1976 boma linaika Tsumago pa mndandanda woyamba wa midzi yotetezedwa. Lero mawaya a magetsi saoneka pamsewu waukulu wa mudziwo, ndipo galimoto sizidutsapo masana. Aliyense wokamba za ubwino kapena kuipa kwa maulendo a m'chisanu ayenera kuyambira pa mfundo zitatu zija, pakuti ndizo zikusonyeza chimene eni ake anafuna.

Amene amayamikira maulendowa ali ndi mfundo zomveka. Yoyamba ikukhudza nyengo. Mu 2024 dziko la Japan linalandira alendo akunja oposa 36 miliyoni, ndipo njira ya makilomita pafupifupi 8 yochokera ku mudzi wa Magome kupita ku Tsumago imadzaza m'miyezi ya maluwa ndi pamene masamba akufiira. Kukazizira alendo amatha, ndipo eni nyumba ena amatseka zitseko. Gulu la alendo ochepa lobwera mu Januwale kapena Febuluwale limapatsa mwini nyumba ndalama m'mwezi umene akanangogula mafuta otenthetsera zipinda popanda cholowa.

Mfundo yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, ndi ya kugona. Mlendo wobwera pa basi amajambula zithunzi, amagula gohei mochi, mpunga wosinja wowotcha pa kamtengo, n'kubwerera kumzinda dzuwa lisanalowe. Woyenda wapansi alibe kothawira. Amafika madzulo nsapato zili chinyontho, amazivula pakhomo, amasamba madzi otentha, amavala mkanjo wa m'nyumbamo, n'kukhala pamkeka wa tatami miyendo ataibisa pansi pa kotatsu, tebulo lalifupi lofundika bulangete lokhala ndi chotenthetsera kunsi. Amadya nsomba za m'mitsinje ya komweko, chakudya cha ufa chotchedwa soba, mwinanso sunki, ndiwo zamasamba zosasitsa popanda mchere zomwe anthu a ku Kiso amakonza m'nyengo yozizira. Ndalama ya usiku umodzi woterowo imafika kwa mlimi, kwa wophika ndi kwa kalipentala wokonza denga.

Yachitatu ndi ya chitetezo ndi nzeru. M'chisanu dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko madzulo, miyala ya m'njira imaterera ndi madzi oundana, ndipo ntchito yonyamulira alendo zikwama pakati pa Magome ndi Tsumago imayima. Mpata wa Torii, pafupi ndi mudzi wa Narai, uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 ndipo chipale chimatha kukwirira njira. Wotsogolera amadziwa tsiku lovala zitsulo kunsi kwa nsapato ndi tsiku lobwerera. Amathanso kufotokoza chifukwa chake nkhalango za ku Kiso zidakalipo: akuluakulu a chigawo cha Owari analetsa kudula mitundu isanu ya mitengo, kuphatikizapo hinoki, ndipo wophwanya lamulolo ankatha kuphedwa. Popanda wofotokoza, mlendo angaone mitengo yokongola osadziwa misozi ya anthu amene ankakhala m'nkhalango koma osaloledwa kudulamo mtengo.

Koma walira mvula walira matope. Otsutsa nawonso sakulankhula zopanda mutu. Choyamba ndi njira imene ndalama imadutsa. Mlendo amalipira ulendo wonse ali kwawo, kwa kampani yokonza maulendo. Pa ndalamayo pamachoka za ofesi, za malonda, za sitima ndi phindu la kampani, ndipo mwini nyumba amene wadzuka m'bandakucha kukokolola chipale pakhomo amalandira gawo lokha. Kampani ikakhala kuti ndiyo ikubweretsa alendo ambiri m'nyengo yovuta, imakhala ndi mphamvu pokambirana mitengo, ndipo banja laling'ono limavutika kukana.

Chachiwiri ndi msinkhu wa olandira alendo. Chiwerengero cha anthu ku Japan chakhala chikutsika kwa zaka zoposa khumi, ndipo kalembera wa nyumba wa 2023 anapeza nyumba zopanda anthu pafupifupi 9 miliyoni. M'midzi ya m'mapiri, ambiri oyendetsa minshuku, nyumba za alendo za pabanja, ndi okalamba. Kwa iwo miyezi yozizira inali nthawi yopumula, yokonza zowonongeka ndi yocheza ndi zidzukulu. Kuyala mabedi apansi, kuphikira anthu khumi mbale zambirimbiri ndi kutenthetsa nyumba yamatabwa yomangidwa kalekale si ntchito yopepuka kwa gogo. Kudzaza miyezi yonse ya chaka kungachulukitse ndalama koma n'kufupikitsa zaka zimene iye angapitirize ntchitoyo.

Chachitatu n'chobisika. Mlendo wolipira zambiri amafuna kuona "zakale", ndipo mudzi ungayambe kudzikonza kuti ufanane ndi chithunzi chimene iye anabwera nacho. Utsi wa pamoto umasanduka choonetsa, pamene mwini nyumba akulakalaka mazenera otseka mphepo bwino. Ndiponso gulu loyenda ndi wotanthauzira likhoza kudutsa m'mudzi sabata yonse osalankhulana ndi munthu wa pamenepo koposa moni. Palinso ngozi ya kudalira alendo akunja: m'zaka za 2020 mpaka 2022, malire atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, njira zinangoti zii.

Ndikaika mbali ziwirizi pa sikelo, ine ndikuima ndi maulendowa, koma ndi muyeso umodzi: ndani akulamula? Mudzi wa Tsumago sunapulumutsidwe ndi kusowa kwa alendo, pakuti kusowa kwawo ndiko kunatsala pang'ono kuupha. Unapulumuka chifukwa eni ake anaika malamulo awo alendo asanachuluke. Ulendo wa m'chisanu ndi wabwino ngati magulu ndi aang'ono, ngati akugona m'mudzi momwemo osati m'hotela yaikulu ya m'tauni, ngati mwini nyumba ali ndi ufulu wonena kuti sabata ino ndatseka, ndipo ngati pakati pa otsogolera alendo pali ana a m'chigwamo. Chizindikiro chenicheni cha kupambana si kuchuluka kwa mapazi pa chipale, koma mwana wa mwini nyumba amene wasiya ntchito mumzinda wa Nagoya n'kubwerera kudzalandira makiyi kwa makolo ake chifukwa waona kuti ntchitoyo ingamudyetse chaka chonse.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, alendo amakwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, motsogozedwa ndi anyamata a m'midzi yozungulira, n'kumagona m'tinyumba ta pamwamba pa phiri asanayese nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002. Mafunso ake ndi omwewa: wonyamula chikwama amalandira zingati, mlendo amagona ndi kudya kuti akatsika, ndipo ndani amamufotokozera za mkungudza umene watsala pang'ono kutha? Anthu a ku Tsumago anakhala pansi n'kulemba zimene sadzalola. Ifenso tili ndi ufulu womwewo.

Akuluakulu athu anati mlendo ndi mame. Amafika, amanyowetsa pang'ono, dzuwa likatuluka wapita. Woyenda pa Nakasendo naye amamanga nsapato m'mawa, amawerama potsazika, n'kulowera kumpata wa phiri, ndipo chipale cha usiku wotsatira chimafafaniza mapazi ake. Wotsala ndi uja wayima pakhomo ndi fosholo m'manja. Ngati chaka chamawa adzakhala akadali pomwepo, m'nyumba yake, moto ukuyaka, mwana wake ali pambali, ndiye kuti mame aja anagwera pa mbewu.