Batire la Foni Saliyanika pa Dzuwa

Caka ndi caka, alimi akatha kugulitsa cimanga, nshawa, thonje ndi soya, mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba amatsitsa mu Lusaka anthu ambiri odzagula katundu. Kale katundu woyamba anali malata, njinga ndi wailesi. Lero patsogolo pa zonse pali foni ya m'manja, ndi kasola kochajira pambali pake. Amene sangathe kubwera okha amatuma ana ao okhala ku Kabwata kapena ku Chelstone kuti awagulire. Zimenezi nzokondweretsa, pakuti ndi citukuko. Komatu munthu amene angaime kanthawi pa timatebulo ta anyamata okonza mafoni pa msika wa Northmead, pafupi ndi mseu wa Great East umene mabasi omwewo amadzera pobwerera kwao, adzaona mbali yina ya nkhaniyi. Pamenepo paunjikana mafoni a magalasi osweka, a mabatire otupa ndi ena okana kuchaja, ndipo ena mwa iwo akali kuoneka acilendo. Mafoni otere sanafe ndi ukalamba ai. Anaonongeka m'manja mwa eni ake amene sanauzidwe kanthu pa tsiku logula.

Wa m'tauni foni ikamufera amakwera minibasi nakaikonzetsa tsiku lomwelo. Wa kumudzi vuto lake ndi lalikulu. M'kacipangizo kameneko ndimo mumafikira ndalama zocokera kwa ana, ndimonso mumabwera uthenga wa fataleza ndi mbeu za FISP m'maboma amene agwiritsa nchito njira ya makono, ndipo ndiko komwe aitanira thandizo mai akadwala usiku. Foni ikazima mwezi wa Novembala, mvula iri pafupi, banja lingataye zambiri koposa mtengo wa foniyo.

Makolo athu anali kudziwa kusamala cipangizo. Mu 1949 m'dziko muno munayamba kugulitsidwa wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, yooneka ngati poto, pa mtengo wa mapaundi 5, batire logula padera. Iyo ndiyo inafikitsa mau a nyumba ya mphepo ya mu Lusaka m'midzi yambiri. Amene anakula m'zaka zotsatira akumbukira ulemu umene wailesi inali kulandira: inali kukhala pamwamba pa kabati, yofunditsidwa kansalu koluka, mwana osaikhudza, ndipo nkhani zikatha inali kuzimidwa kuti mabatire asathe msanga. Mwambo umenewo ndiwo ufunika kubwerera. Koma pali cizolowezi cimodzi ca nthawi imeneyo cimene tiyenera kucisiya. Mabatire a tochi ndi wailesi, monga aja anali kupangidwa ku fakitale ya ku Mansa imene inatsegulidwa mu 1978, akafooka tinali kuwayanika padenga kapena pa mwala, ndipo madzulo anali kupatsako kamphamvu pang'ono. Anthu ena atengera nzeru imeneyi ku foni, ndipo apa ndipo pagona ngozi.

Batire la foni ndi la mtundu wina, lopangidwa ndi mwala wochedwa lithium, ndipo mdani wake wamkulu ndiye kutentha. Dzuwa silionjezera mphamvu m'batire lotere, koma limalikalambitsa. Cimene cimamvetsa cisoni ndi kuona foni itagonekedwa pamwamba pa sola, kapena pansi pake penipeni, masana a Okutobala pamene ngakhale nkhuku zathawira mumthunzi. Sola ndiyo ifuna dzuwa. Foni ikhale m'nyumba kapena pamthunzi, nthambo ndiyo iziyenda pakati. Cimodzimodzinso kuchaja foni pansi pa pilo kapena m'bulangete, kumene kutentha kulibe kothawira. Batire likatupa, mpaka cibvundikiro ca kumbuyo kuyamba kukana kutseka, musalimange ndi malegeni monga acitira ambiri, ndipo musaliboole ndi singano poti mucotse mpweya. Batire lotupa lingathe kuyaka moto. Licotseni, mugule lina, ndipo lakalelo lisaponyedwe pa moto kapena kudzala kumene mumatentha zinyalala, kapenanso kusiyidwa poti ana aliseweretse. Ndiponso palibe cifukwa coyembekezera kuti foni izime yokha musanaichaje. Malangizo amenewo anali a mabatire a mafoni oyambirira. A masiku ano amakhalitsa ngati simuwalola kutheratu.

Tsono za chaja. Foni wamba imalandira mphamvu ya mavoti 5. Batire la galimoto kapena la sola liri ndi 12, pamene magetsi a pacipupa ali ndi 230. Nchito ya chaja ndiyo kutsitsa mphamvu imeneyo kuti ifike pa mlingo umene foni ingathe kumeza. Munthu amene adula nthambo nailumikiza yekha ku batire la galimoto ali ngati wothira mtsuko wonse wa madzi m'kapu. Machaja ochipa kwambiri, opepuka m'manja ngati cikwama ca macesi, nawonso ndi akupha mafoni, cifukwa mkati mwake opanga anacotsamo tizipangizo tocinjiriza. Muwazindikira motere: amatentha kwambiri osati nkugwirika, ndipo foni ya galasi ikakhala pa chaja yotere zolemba zimalumphalumpha zokha. Ndalama zimene mwapulumutsa pa chaja mudzazilipira kangapo kwa wokonza.

Amene ali m'maboma ndi m'misika ya magetsi a ZESCO akumbukira caka ca 2024. Cilala cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale, madzi anacepa ku Kariba, ndipo m'miyezi yina malaiti anali kuzima maola ofika 20 pa tsiku. Phunziro la nthawi imeneyo lisaiwalike: magetsi pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira, ndipo cimene apeza pacipupa amacitentha. Malaiti akapita zulani chaja, TV ndi dikoda, ndipo akabwera yembekezani mphindi zingapo. Citaninso cimodzimodzi mvula ya ziphaliwali ikayandikira, ndi kucotsanso nthambo ya mlongoti wa TV. Kwa inu amene mumachajitsa pa kantemba, zimani foni musanaisiye, ndipo ikani cizindikiro pa batire lanu, pakuti pamene pali mafoni ambiri mabatire amasinthana, mwangozi kapena mwadala.

Sola nayonso ifuna dzanja. Popeza dziko lathu liri kum'mwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka. M'cilimwe fumbi ndi zitosi za mbalame zimaiphimba, mwini wake nkumadandaula kuti anamugulitsa yabodza, pamene mankhwala ake ndi kansalu konyowa m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Kabokosi koongolera mphamvu, kokhala pakati pa sola ndi batire, musakaone ngati kokongoletsa. Popanda iko batire limaphikika masana ndi kukamidwa usiku. Ndipo batire lofuna madzi lipatsidwe madzi ake ogula, osati a pacitsime.

Foni ikagwera m'madzi, mtima umafuna kuiyatsa kuti uone ngati ikali moyo. Kuyatsako ndiko kumaimaliza. Izimeni, cotsani batire ngati licoka, cotsani simu khadi, ndi kuisiya pamthunzi popita mphepo masiku awiri. Pa mbaula ai. Kuikwirira mu mpunga, monga amanenera ena, sikuthandiza kwenikweni. Foni yokana kuchaja nthawi zambiri siinafe, koma kabowo kake kadzaza fumbi ndi ulusi wa m'thumba. Katsukeni mosamala ndi kamtengo kosongola, foni itazima, osati ndi singano kapena waya.

Koma kusamala kumayambira m'sitolo, ndipo apa mlandu waukulu uli pa ogulitsa. Wogulitsa amene aona kuti munthu wafika ndi cikwama ca paulendo adziwa kuti Chipata iri pa mtunda woposa makilomita 500, ndi kuti wogulayo sadzabweranso kudzadandaula. Cifukwa cake musacoke pa kauntala musanayatse foni, kuimbira munthu, kuyesa chaja, ndi kulandira risiti yolembedwa dzina la sitolo ndi tsiku. Lamulo loteteza ogula la mu 2010, limene bungwe la Competition and Consumer Protection Commission liyang'anira, likaniza eni sitolo kukhoma zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Katundu akakhala woonongeka muli ndi ufulu wodandaula, koma popanda risiti mau anu adzakhala opepuka. Foni iri yonse iri ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yochedwa IMEI. Mukatinika *#06# imaoneka pa galasi. Iyerekezeni ndi imene yalembedwa pa bokosi. Zikasiyana, bwezani foniyo pomwepo. Zikagwirizana, ilembeni m'kabuku kunyumba, pakuti foni ikabedwa apolisi adzaifuna. Za munthu wokuimitsani m'mseu ndi foni yokongola pa mtengo wa nkhuku ziwiri, yopanda bokosi kapena risiti, sindifuna kucurutsa mau. Mwini wake weniweni ali kwina akuifunafuna, ndipo tsiku lina galimoto ya apolisi ingaime pa bwalo la a nyakwawa kufunsa dzina lanu.

Dziwaninso kuti kabowo kochajira kasintha. Mafoni ambiri atsopano akubwera ndi kabowo kochedwa USB-C, kozungulira m'mbali, kolowa mbali iri yonse. Maiko a bungwe la European Union analamula kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa kwao akhale ndi kabowo kameneka, ndipo opanga akutsata njira yomweyo kwina konse. Nthambo yakale siilowa m'menemo. Musaikakamize, funsani, safunsa anadya phula.

Mau ena apite kwa ana athu a ku Woodlands, Kabulonga ndi m'makomboni, amene amatumiza kumudzi mafoni amene iwo atopa nawo. Mtima wopatsa ngwabwino, koma foni ya batire lotheratu, yopanda chaja yake, ndi mtolo kwa nkhalamba. Yina ndi yakale kotero kuti WhatsApp siigwiranso, pakuti kuyambira mu 2023 eni ake analeka kuthandiza mafoni a Android ocepera pa 5.0. Makolo ogulira mwana wa sukulu kompyuta yogwirapo kale nchito acenjerenso: kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akale sangalandire Windows 11, cotero mtengo wake uyenera kutsika. M'maganizo anga, kwa agogo amene afuna kuimba, kulandira ndalama ndi kumvera wailesi, kafoni ka mabatani kamene kamasunga moto masiku angapo kaposa foni yaikuru ya galasi yofuna chaja tsiku ndi tsiku.

Catsala ndi ndalama ziri mkatimo. Simu khadi ilembetsedwe m'dzina la mwini wake ndi reji yake. Ambiri analembetsa m'dzina la mphwao kapena la mnyamata wa pa msika pofuna kufulumira, ndipo foni ikatayika amalephera kutenga nambala yao ku Airtel, MTN kapena Zamtel, ndalama ziri momwemo. Nambala yacinsinsi ya mobile money siyouza munthu, angakhale wonena kuti aimba kucokera ku kampani. Ndipo isakhale caka canu cobadwa, kapena kulembedwa pa kapepala kuseri kwa batire. Popereka foni kwa wokonza cotsani simu khadi ndi memore khadi. Uthenga wonena kuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, kapena kuti mwapata mphoto pa mpikisano umene simunalowe, ndi msampha. Imbirani mbale wanuyo pa nambala imene muidziwa musanatumize ngwee ndi imodzi yomwe. Bungwe la Boma loyang'anira za mafoni, la ZICTA, linakhazikitsa *707# yoneneza manambala a akathyali otere.

Zonse zimene zalembedwa pano zikadayenera kupezeka m'bokosi la foni. Koma kapepala kamene timapezamo kali m'Cingelezi, Cifalansa ndi Ciarabu, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere. Makampani amene apindula ndi ndalama za mlimi akhoza kusindikiza tsamba limodzi m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi zinenero zina za dziko lino, ndipo a ZICTA angacite bwino kuwalimbikitsa kutero. Pamene tiyembekezera zimenezo, alangizi a zamalimidwe, aphunzitsi ndi atsogoleri a makopaletivu apatuleko mphindi khumi pa misonkhano ya fataleza, pamene alimi onse asonkhana ndi mafoni ao m'manja, kuti aliyense atinike *#06# ndi kulemba nambala yake asanabalalike.