Put off si kuzimitsa nyali

Anzanga a Fomu 2, pa mayeso a Chingerezi a sabata yatha ndinataya malikisi chifukwa cha kamawu ka zilembo zitatu: put. Anatifunsa tanthauzo la "The meeting was put off." Ine ndinaseka chamumtima. Kwathu ikakwana nthawi yogona, achimwene amakuwa kuti "put off the lamp!" Ndiye ndinayankha kuti msonkhanowo unazimitsidwa, unatheratu basi. Pepala linabwera ndi mtanda wofiira. Eti put off ndi kusuntha chinthu kuti chidzachitike tsiku lina, ndipo kuzimitsa nyali kapena moto ndi put out. Achimwene sindinawauzebe.

Ambirife tinaloweza ku pulayimale kuti put ndi kuika, n'kuthera pomwepo. Koma kamawuka kakangopeza kanzake kamasintha ngati bilimankhwe. Put on ndi kuvala. Put up with ndi kupirira, zimene amachita mayi anga akamathyola tiyi ku esiteti, mvula ikuwakwapula, dengu lili kumsana, kenako n'kukaima pamzere wa sikelo. Palibe chimene aika m'mwamba pamenepo.

Ena m'kalasi akuti Chingerezi n'chopenga. Ine ndikukana. Tatengani mawu athu akuti kugwira. Kugwira ntchito, kugwira mwendo, kugwira njakata. Munthu wogwira njakata wagwira chiyani m'manja? Mlendo wochokera ku London angasokonezeke monga ndinasokonezekera ine. Ife sizitivuta chifukwa tinayamba kuzimva tili kumsana, m'nkhani zenizeni za anthu. Palibe anatikopetsa mndandanda.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo. Timakopera mawuwa m'kope, makumi awiri tsiku limodzi, tanthauzo lake m'Chingerezi chomwecho chovutacho. Ukanong'oneza mnzako kuti "m'Chichewa ndiye kuti chiyani?" akulemba dzina, mawa ukutchetcha udzu. Lamuloli cholinga chake n'chabwino, sindikutsutsa, pakuti Chingerezi sungachidziwe osachiyankhula. Koma ife oyendera tikaweruka timadutsa m'minda ya tiyi mtunda wonse uja, kufika kunyumba kuli kutunga madzi ndi kuphika. Dikishonale ilibe kwathu. Tanthauzo likatiphonya m'kalasi, latiphonya mpaka tsiku la JCE, ndipo a MANEB sapereka satifiketi kwa amene walephera Chingerezi, ngakhale Masamu akhoze bwanji.

Ndikupempha aphunzitsi athu mwaulemu: atilole mphindi zisanu zokha pa phunziro la mawu amenewa, tiwamasulire m'Chichewa, kapena m'Chilhomwe kwa amene amachidziwa, kenako tibwerere ku Chingerezi.

Podikira yankho, ndamata pepala loyera m'munsimu. Sabata ino ndi ya put. Aliyense alembe chiganizo chimodzi cha zakwathu kuno, za kapitawo, za minibasi ya ku Limbe, za mpira, tanthauzo lake pambali. Wolakwitsa timukonze, osamuseka. Lolemba likubwerali tiyamba get. A Fomu 4, musangodutsa ayi.