Amene Anagwetsa Kachisi wa ku Mexico Analakwa

Mtundu wa anthu umadziwika ndi ntchito za manja a makolo ake. N'chifukwa chake mdani wofuna kuuchotsera ulemu amayamba wagwetsa nyumba zake zolemekezeka, kuti ana obadwa m'tsogolo azikhulupirira zoti makolo awo sanamangepo kanthu.

Izi ndizo zinachitika ku Mexico. Pa 13 Ogasiti 1521, asilikali a ku Spain otsogoleredwa ndi Hernán Cortés, mothandizidwa ndi mitundu ina ya komweko, anagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki. Pakati pa mzindawo panali kachisi wamkulu, wotchedwa Templo Mayor masiku ano, amene mafumu ankamukuza pomanga makoma atsopano pamwamba pa akale. Atsamundawo anamugwetsa, natenga miyala yake kumangira nyumba zawo, ndipo zotsala zinakwiririka pansi pa mzinda watsopano.

Ena amati kachisiyo anayenera kugwa chifukwa pamwamba pake ankapherapo anthu monga nsembe kwa milungu Huitzilopochtli ndi Tlaloc. Zoonadi, mwambo umenewo unali woipa ndipo unayenera kutha. Koma ife tikunenetsa kuti kuthetsa mwambo woipa ndi kwina, kufafaniza umboni ndi kwinanso. Ogwetsawo anakwirira nkhanza pamodzi ndi luso la amisiri osema miyala, ndipo mbiri ya ogonja inayamba kufotokozedwa makamaka ndi owagonjetsa.

Komabe nthaka inasunga umboni. Mu Febuluwale 1978, anthu okumba ngalande za nthambo za magetsi anagunda mwala wosemedwa wa mulungu wamkazi Coyolxauhqui, woposa mamita 3 m'mimba mwake. Boma linalamula kuti pafukulidwe, ntchito imene anatsogolera Eduardo Matos Moctezuma, ndipo mu 1987 panatsegulidwa nyumba yosungiramo zopezekazo. Koma chimene chinaoneka ndi maziko ndi makoma a m'kati okha, ndipo pofuna kuwafika panagwetsedwanso nyumba 13. Akuluakulu ananenadi kuti madzi akatayika saoleka.

Choncho, owerenga athu, mukamva wina akuti nyumba yakale igwe chifukwa imakumbutsa zowawa, kapena chifukwa njerwa zake zikufunika kwina, mufunseni chimene adzaonetse adzukulu ake akadzafuna umboni. Mtundu wanzeru umasunga zimene makolo anamanga, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti ana adzaweruze okha ataona ndi maso awo.